Sekuru Yotamu ndi Kompyuta Yofunda Bulangeti

Tebulo langa la malalanje lili pamthunzi wa kashopu ka Sekuru Yotamu, kapena kuti agogo Yotamu, kuseri kwa pokwerera makombi, maminibasi a kuno, ku Chipadze. Malalanje ndimakatenga ku Mazowe, nthochi amandibweretsera amayi a ku mapulazi a ku Matepatepa. Mwana wanga Anesu amagona kumsana kwanga, kapena pa katoni pansi pa tebulo kukatentha. Ine pakamwa panga m'polemera. Wogula akabwera ndimamupatsa chimene wafuna, akachoka maso anga amabwerera pa windo la Sekuru. Patha zaka ziwiri ndikuona manja awo pa windo limenelo, ndiye ndati ndilembe za iwo, poti eniake amati alibe nkhani.

Kashopuko ndi kontena yakale yodula pakati. M'kati muli mashelefu atatu odzaza makompyuta akufa, ena opanda nkhope, ena matumbo ali panja. M'mawa dzuwa limalowa pa kabowo ka dzimbiri kudenga, n'kuima m'chipindamo ngati ndodo yowala. M'ndodo imeneyo mumasambira fumbi, kukwera ndi kutsika ngati lilibe kopita. Anesu amalitambasulira manja. Sekuru amaliyang'ana ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakale amene sanakhululukirane naye.

Fumbi la ku Bindura kuno lina ndi lofiira, lina lotuwa, lochokera ku milu ya miyala ya migodi ndi ku zigayo za makorokoza, aja okumba golide ndi manja. Sekuru akafika m'mawa pa njinga yawo, asanatsegule n'komwe chitseko, amayamba awaza madzi pabwalo kuti fumbilo ligone. Amavala ovolosi ya buluu yofwifwa, ndipo pochotsa fumbi m'makina amamanga kansalu pamphuno. Sauzira ndi pakamwa. Amati mpweya wa munthu uli ndi chinyezi, komanso chimene wauzira chimabwerera kwa iwe.

Anabadwira m'komponi ya mgodi, m'nyumba ya chipinda chimodzi, mzere wachitatu kuchokera pa mpopi. Bambo awo anachokera ku Malawi ali mnyamata, wapansi, nsapato atazikoleka pakhosi kuti zisathe. Anagwira ntchito yoboola miyala pansi pa nthaka zaka zambiri, ndipo pomaliza ankapuma ngati munthu akukoka thumba la mchenga pa simenti. Atamwalira, amayi a Yotamu anagwira mwana wawo pa dzanja n'kunena kuti, iwe pansi sudzatsikako. Anayenda kwa akapitawo mpaka Yotamu anapeza ntchito m'chipinda cha nyali, pamwamba, pakhomo pa mgodi.

Nyalizo ndi zija amamangirira pa chisoti, batire yake ili m'chiuno. Ntchito ya Yotamu inali kuzitchaja, kupukuta magalasi ake ndi kusintha nthambo zothyoka. Nyali iliyonse inali ndi nambala ndi malo ake pa shelefu. Shifiti ikatuluka, malo amodzi akakhala opanda nyali, ndiye kuti munthu wina akadali pansi. Anagwira ntchito imeneyo zaka makumi awiri ndi zinayi. Mpaka lero akakumana ndi mdala wa ku mgodi pamsewu, dzina akhoza kuiwala, koma nambala ya nyali ayi.

Mgodi utachepetsa anthu, iwo anali m'gulu lochotsedwa. Tsiku lomaliza anaona makompyuta akale a mu ofesi atatayidwa kuseri kwa sitolo, mvula ili pafupi. Anapempha awiri, n'kuwakankha pa wilibala mpaka kunyumba. Akazi awo akuti anaseka, amvekere, anzako abwera ndi malata, iwe wabwera ndi mawailesi osalankhula. Za makompyuta sankadziwa kanthu nthawi imeneyo. Anangomasula mbali imodzi monga ankachitira ndi nyali. M'katimo anapeza fumbi litagwirana ngati thonje, litatseka kafani ndi timabowo tonse. Anandiuza okha tsiku lina kuti chimene anaona mmenemo chinali chifuwa cha bambo awo.

Anatenga kabulashi kopentera ndi mpope wa njinga, n'kuchotsa fumbi lonse. Atalumikiza ku magetsi, kompyuta ija inalira kamodzi n'kudzuka.

"Inali isanafe, Mai Anesu," anatero. "Inangobanika."

Zina zonse anaphunzira pang'onopang'ono, m'mabuku akale a pa msika, pofunsa amene anapita kusukulu, ndi poononga zingapo. Makina akamachita makani amawalankhula Chilapalapa, chija ankakalipira nacho akapitawo, amvekere vuka wena, dzuka iwe. Koma akaona kuti akudwaladi amawalankhula Chichewa, motsitsa.

Anthu amabwera ndi makina awo atawakumbatira ngati ana odwala. Sekuru sathamangira kumasula. Amayamba afunsa mmene makinawo amakhalira kunyumba, amagona pati, amakhala nawo pa chakudya kapena ayi, amawagwira ndani. Aphunzitsi ena a ku Aerodrome anabwera ndi laputopu imene zilembo zake zinkakana kudinika. Sekuru anaitembenuza, anaigwedeza pang'ono pa nyuzipepala, ndipo panagwa nyenyeswa za buledi, shuga ndi kachikhadabo.

"Aphunzitsi, buledi mwaipatsa kale. Mwangoimana tiyi."

"Tiyinso inamwa, Sekuru, mu Juni."

"Ndiye musadabwe ikamagona m'kalasi."

Anawauza kuti madzi akatayikira m'makina, azimitse pomwepo, awatembenuze kuti akhe, osayesa kuyatsa kuti aone ngati akugwirabe ntchito, chifukwa kuyesako ndi kumene kumapha.

Tsiku lina kunabwera mayi wa pa saluni maso ali ofiira. Munthu wina analowa mu akaunti yake n'kumatumizira abale ake mauthenga opempha thandizo m'dzina lake. Sekuru sanafunse zambiri.

"Mai Blessing, pasiwedi yanu ndi Blessing."

"Mwadziwa bwanji?"

"Chipadze yonse imakuitanani nayo kuyambira m'mawa. Ngakhale kondakitala wa kombi amaifuula."

Ife kuno mayi aliyense amadziwika ndi dzina la mwana wake, ndipo ndi dzina lomwelo limene timathamangira kuika pa foni. Ine ndinachita manyazi pa tebulo langa, chifukwa yanganso inali Anesu. Ndinaisintha madzulo ake osauza munthu. Sekuru amati utenge mawu atatu kapena anayi osagwirizana, oti iwe wekha ndiwe ungawakumbukire, uikeponso manambala osakhala a tsiku lako lobadwa, ndipo kiyi ya khomo limodzi isatsegule makomo onse. Nambala yachinsinsi imene yabwera pa foni yako usauze munthu, ngakhale alankhule Chizungu chokoma bwanji. Uthenga ukabwera woti wapambana mphoto, uyambe wadzifunsa kuti mpikisanowo unalowa liti.

Za fulashi amati ili ngati kapu ya pa chitsime, aliyense wamwera, ndiye usanatsegule zili mmenemo uipimitse ndi pulogalamu yogwira mavairasi. Za magetsi amati akazima uzule pulagi pakhoma, chifukwa pobwerera amabwera ndi ukali ngati munthu amene anamutsekera panja. Koma mawu amene amabwereza kwambiri, mwina kasanu pa tsiku, ndi akuti chinthu chimene chili pamalo amodzi okha sunachisunge, wangochisiya pamenepo.

Ine ndimamva zonsezi ndikusenda lalanje. Nthawi zina masana, makombi akachepa, ndimaganiza za zithunzi zogona m'makompyuta akufa aja a pa shelefu. Maukwati, ana ovala yunifolomu tsiku loyamba, anthu amene anapita ku Joni osabwerako. Ndimaganiza kuti mwina mmenemo akuvinabe, popanda wowaonera.

Mu Okutobala chaka chatha, mitengo ya jakaranda itathira maluwa ake pamsewu, kunabwera Mai Wadzanai. Dzina lawo lobadwa nalo ndi Zelesi. Ndi amayi achikulire, oonda, oyenda mowongoka, a mpingo umodzi ndi Sekuru. Amuna awo, a Kaitano, anagwira ntchito pansi pa mgodi womwe uja, ndipo panali patatha chaka chimwalirireni. Amayiwo anabwera atasenza mtolo pamutu. Ndinayesa ndi zovala.

"Maswera sei, Baba Luckmore," anapereka moni m'Chishona, powaitana Sekuru ndi dzina la mwana wawo woyamba. Kenaka anatembenukira ku Chichewa chathu. "Ndabwera ndi odwala."

"Lowani nawo, Mai Wadzanai. Agonekeni apa."

Anamasula chitenje. M'kati munali bulangeti laling'ono la ubweya. M'kati mwa bulangeti munali kansalu koyera koluka maluwamaluwa, kaja timati dhoiri. Pansi pa kansaluko m'pamene panali laputopu yakuda, yakale, kona imodzi yomata ndi selotepi.

Kwathu ku makomponi chinthu cholemekezeka sichikhala maliseche. Wailesi imafunda dhoiri, Baibulo limafunda dhoiri, mpando wa alendo, ngakhale jagi ya madzi. Amayi athu ankaluka tinsalu timeneti podikira amuna awo kutuluka pansi. Ndi ulemu, komanso ndi nkhondo yathu ndi fumbi. Ndiye ine nditaona kansalu kaja sindinaone cholakwika. Ndinangoti amayiwa ndi aukhondo.

Sekuru anagwira kansaluko ndi zala ziwiri.

"Imafunda ikakhala yozima, kapena ngakhale ikamagwira ntchito?"

"Nthawi zonse. Muli bambo a Wadzanai mmenemu."

Windo linali lotsegula, ndiye nkhani yonse ndinaimva. A Kaitano anachoka kwawo ku Malawi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sanabwerereko. Makalata anayenda zaka zoyamba, kenaka anasiya, ndipo otsalawo anasowa pamene banja linkasamuka m'komponi. Mai Wadzanai anabadwira pa pulazi ku Matepatepa, Malawi amangomumva. Matenda a amuna awo atakula, mwana wawo Wadzanai, amene amagwira ntchito ku Harare, anabwera ndi laputopu yake yakale, anaiika pa mpando n'kunena kuti, Baba, lankhulani zonse. A Kaitano analankhula ola lathunthu. Anafotokoza njira ya kwawo, potsikira basi, dzina la mudzi, dzina la mlongo wawo. Anapempha chinthu chimodzi, kuti ndikafa mukanene maliro kwathu, mukasiye jekete langa m'manja mwa mlongo wanga, asamandidikire.

Wadzanai Chichewa amamva pang'ono, ndipo tsiku limenelo ankalira, sanalembe kanthu. Anati zonse zili m'kompyuta. Anasiyira amayi ake laputopuyo n'kuwaonetsa podina. Tsopano anali atapeza tchuthi cha mu Disembala kuti apite nawo ku Malawi, koma kompyuta inali itazima, ndipo chimene onse awiri ankadziwa n'chakuti ndi ku Dedza basi.

"Dedza ndi dziko, Mai Wadzanai," anatero Sekuru. "Simungaime pamsewu n'kumafunsa kuti ndani anataya mnyamata zaka makumi asanu zapitazo. Koma inu mwakhala mukumvera chaka chonse. Dzina la mudzi simunaligwire?"

Amayiwo anayang'ana manja awo.

"Ine ndinkamvera mawu awo, Baba Luckmore. Zimene ankanena sindinkazitsata."

Anati m'mawa uliwonse ankaika laputopuyo pa bedi, pa pilo, mbali imene ankagona amuna awo. Ankadina, n'kuifunditsa kansalu kuti fumbi lisalowe, ndipo kutazizira mu Juni anaonjezera bulangeti. Mawu ankatuluka pansi pa nsalu, otsika, ngati a munthu wolankhula m'tulo, iwo n'kumasesa, kumatsuka mbale, nyumba ili ndi munthu. Akatha ankawayambitsanso. Masana akaika dzanja pa bedi ankapeza mbali ija ili yofunda.

"Ndinkadziwa kuti ndi makina," anatero. "Sindine wamisala. Koma panali pofunda."

Sekuru sanawadzudzule. Anatembenuza laputopuyo n'kuwaonetsa timabowo ta pansi ndi ta m'mbali.

"Mphuno zake ndi izi. Imapumira apa. Pa pilo imakhala ngati mwaigwira pakamwa, ndipo bulangeti likabwera pamwamba kutentha kwake kumasowa kotulukira. Kufunda kumene munkakumvako kunali kupsa. Ikakhala yozima, yazizira, ifunditseni dhoiri mmene mungafunire, ndi bwino kumene. Koma ikamagwira ntchito ikhale pa tebulo, mphepo izidutsa pansi."

"Ndiye ndine ndawatseka pakamwa."

"Tisanayambe kulira, tiyeni tione."

Anasuzumira pa windo.

"Mai Anesu, tabwerani mundigwirire thireyi."

Ndinali ndisanalowemo chiyambire. Ndinalowa Anesu ali kumsana, m'tulo. Thireyiyo ndi ya mazira, imene amaikamo tisikuluwu, kalikonse m'dzenje lake motsatana ndi mmene katulukira. Anachotsa batire. Anayamba agwira chitsulo cha chitseko kuti magetsi a m'thupi atuluke, amati alipo ngakhale sitiwamva. Kenaka anamasula, ine ndikulandira.

Atatsegula kunatuluka fungo ngati la ayironi yoiwalidwa pa malaya. Kafani sikankaoneka n'komwe. Kanali katakulungidwa ndi ubweya wa bulangeti, ulusi woyera wa dhoiri ndi fumbi lofiira, zonse zitalukana ngati chisa cha timba. Pa bolodi yobiriwira ya m'katimo panali banga lakuda, lalikulu ngati chala cha munthu.

"Iyi yapita," anatero Sekuru motsitsa. "Siidzukanso."

Mai Wadzanai anayamba kupinda kansalu kawo, kona ndi kona.

"Dikirani kaye. Nyumba yapsa, koma sutikesi ya pansi pa bedi sitinaione."

Anamasula kabokosi kachitsulo kokwana m'chikhatho. Anati ndi hadi disiki, mmene mumagona zonse zimene munthu wasunga. Anakalumikiza ndi nthambo ku kompyuta yawo ya pa tebulo. Kanayamba kulira mopyapyala ngati udzudzu, kenaka kanati ke, ke, ke, n'kuyambanso kulira. Nkhope ya Sekuru inasintha.

"Kulira uku si kwabwino. Kutentha kunafikanso kuno. Kakhoza kutipatsa ulendo umodzi wokha."

Pa sikirini panaoneka mafayilo. Limodzi linalembedwa kuti Baba.

"Ndi amenewo," anatero Mai Wadzanai, n'kuimirira. "Ayatseni ndiwamve."

"Ayi."

"Pang'ono pokha, Baba Luckmore. Masabata atatu m'nyumba muli zii."

"Mai Wadzanai, chitsime chikamagumuka sumwera pomwepo, umayamba watunga. Tikayatsa apa kakhoza kufa ali pakati pa moni. Tiyambe takopera kwina, kumva pambuyo."

"Inu mukadaumabe mtima ngati ku nyali kuja. Bambo a Wadzanai ankati munkawabweza chifukwa cha kagalasi kong'aluka."

"Nambala 217. Ankaswa galasi mwezi uliwonse n'kumanamizira mwala. Tonse tinkadziwa kuti amagunda mutu polowa m'chikepe, ndi kutalika kuja."

Amayiwo anaseka pang'ono, n'kukhalanso pansi.

Pa sikirini panabwera kamzere kobiriwira, kakukula pang'onopang'ono ngati mbozi yoyenda pa tsamba. Panja thirakitala inadutsa ndi matumba a feteleza. Munthu wina anaima pa tebulo langa, anayang'ana uku ndi uku, n'kumapita. Ine ndinkaganiza za munthu wamtali akutuluka m'kabokosi kaja, akuyenda m'nthambo yopyapyala atawerama, monga ankayendera pansi pa nthaka, kulowera kumene kukuwala. Ndinkapuma pang'ono kuti ndisamusokoneze.

Kamzere katangodutsa pakati, kanaima. Kabokosi kanati ke, ke, ke. Sekuru anatenga chidutswa cha katoni n'kumakakupiza. Anadikira, kenaka anadina penapake kuti kompyuta ilumphe malo oonongekawo ipite kutsogolo. Anati apa pali bowo, zimene zinali apa sitizipezanso. Kamzere kanayambanso kuyenda. Katafika kumapeto, sipanathe nthawi yosenda lalanje limodzi, kabokosi kanasiya kulira ndipo mafayilo ake anazimirira pa sikirini.

Ngakhale pamenepo Sekuru sanayatse mawu. Anakopera pa fulashi yatsopano, anakoperanso pa foni ya Mai Wadzanai.

"Tsopano ali malo atatu. Achinayi ndi pepala. Mai Anesu, mumalemba?"

"Ndinalekera Giredi 7, Sekuru."

"Yakwana."

Anandipatsa bolopeni ndi kope, n'kudina.

Poyamba kunamveka kutsokomola ndi mpando ukukokedwa. Kenaka mawu aakulu, otopa, a Chichewa chakale chosasakaniza, chimene ine ndimangochimva kwa madala a ku tchalitchi akamapemphera.

"Wayatsa kale? Chabwino. Mukadutsa Nyamapanda, mukaoloka mlatho wa ku Tete, musagone, muziona panja. Mukalowa pa Dedza musatsike pa boma. Mupitirire mpaka pa Linthipe. Pamenepo mufunse njira ya kwa Chadzombe. Muziyenda phiri lili kumanja. Mukafika mufunse Esinati Nabanda, mwana wa a Zakeyu osema mitondo. Ngati anafa, ana ake alipo."

Ndinalemba, Sekuru akuimitsa ndi kubwezera mpaka zonse zinalowa pa pepala. Mai Wadzanai ankamvetsera ngati akumva koyamba.

"Kwa Chadzombe," anatero. "Chaka chonse akhala akundiuza."

Mawu anapitirira. Ananena za ng'ombe ziwiri za bambo awo, za sukulu ya mishoni, za m'mawa umene anachoka mlongo wawo akuthamangira lole. Kenaka anati, "Tsopano za amayi akowa," ndipo panabwera phokoso ngati la mvula pa malata. Phokoso litatha, a Kaitano anatulukira kutsogolo, akunena kale za jekete.

Sekuru anabwezera kawiri. Bowo lija linali pamenepo, mphindi zisanu ndi imodzi.

"Pepani, Mai Wadzanai. Apa ndiye ndalephera."

Amayiwo anayang'ana pa windo. Kenaka anayamba kulankhula, koma osati ndi mawu awo a masiku onse. Anawakokera pansi monga ankachitira amuna awo, ndi popumira pomwe.

"Tsopano za amayi akowa. Ndinawaona koyamba pa mpira ku pulazi, atanyamula ndowa, akundiyang'ana ngati ndaba nkhuku. Ndinawapempha madzi. Anandiuza kuti mtsinje uli uko."

Anatsokomola pamene mwiniwake ankatsokomolera. Ananena za diresi lachikasu, za njinga yobwereka, za apongozi amene anawakhazika padzuwa tsiku lonse. Ananena zonse osaphonya, mpaka anakafika pa jekete, n'kusiya.

"Munati zimene ankanena simunkazitsata," anatero Sekuru.

"Apa pokha ndinkasiya tsache."

Sekuru anavula magalasi awo n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi kansalu kopukutira masikirini. Anesu anadzuka, ndipo ndinatuluka naye kukakhala pa tebulo langa.

Loweruka lake Wadzanai anabwera kuchokera ku Harare. Anamvera zonse atakhala pa bokosi, amayi ake akumumasulira mawu ovuta. Sekuru anamuuza kuti asungenso pa intaneti, ndipo anatero ali pomwepo. Pepala lija ndinalikopera kawiri, lina la m'chikwama cha amayi, lina la mwana wawo, chifukwa Sekuru anati foni imatha batire pa bodala. Ananyamuka sabata yachiwiri ya Disembala.

Lachinayi lina masana, mvula ikuwaza, nditafunditsa malalanje pulasitiki, Sekuru anandikodola pa windo. Anali atagwira foni m'manja onse awiri. Unali uthenga wa mawu, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka nkhuku ndi ana ambiri.

"Baba Luckmore, tafika. Phiri linalidi kumanja. A Esinati tawapeza amoyo, maso okha ndiwo anafa. Tawapatsa jekete, analipapasa, analinunkhiza, ndiye tinalira maliro mpaka kunabwera anthu a midzi ina. Auzeni Mai Anesu kuti analemba bwino, wa njinga anangowerenga n'kutitenga. Kuno kukuzizira, mbatata ya kachewere ili paliponse. Wadzanai akulimbana ndi Chichewa, ana akumuseka, iyenso akuseka nawo. Ine a Esinati akundiitana kuti alamu. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala pa banja, palibe anandiitanapo alamu."